Nyemba Zalakwa Chiyani?

M'midzi ya kwa Kaphuka, mpaka ku Linthipe ndi pa boma pa Dedza, mwamveka mawu akuti mutu waching'alang'ala ndi matenda a zakudya basi. Akuti wodwala asiye nyemba, mtedza, nthochi, tomato ndi tiyi, m'mawa uliwonse azimwa madzi a mandimu othira adyo asanalawe kanthu, ndiye kuti mutuwo utheratu osabweranso. Ife tikukana. Malangizowa ndi olakwika, ndipo kwa anthu a kuno akhoza kuwonjezera ululu womwe akuti akuthetsa.

Mutu waching'alang'ala ndi matenda a ubongo ndi mitsempha yake, ndipo kawirikawiri amakhala akumtundu. Pa anthu 7 alionse padziko lapansi, pafupifupi mmodzi amadwala mutuwu, ndipo akazi amachuluka katatu kuposa amuna, ambiri umawagwira nthawi ya msambo. Ukayamba umatha maola 4 mpaka 72, ukugunda mbali imodzi, wodwala akuchita nseru, akusanza, akuthawa kuwala ndi phokoso. Matenda otere sachoka chifukwa munthu wasintha ndiwo.

Sitikutsutsa kuti ena pali zimene zimawautsira mutu. Mowa umatero kwa ambiri. Koma zakudya zimasiyana munthu ndi munthu, ndipo nthawi zina chakudya chimangonamiziridwa. Patatsala maola angapo kuti ululu uyambe, odwala ena amalakalaka zinthu monga zotsekemera. Akadya, mutu n'kubwera, amaloza chala chakudyacho, chonsecho matendawo anali atayamba kale.

Chimene chimautsa mutuwu mwa anthu ambiri ndi kukhalitsa ndi njala, ndipo ofalitsa mawuwa sachitchula n'komwe. Taganizirani mayi amene walawirira kudimba kukathirira mbatatesi ndi kabichi, m'mimba muli madzi a mandimu okhaokha, n'kudzaona nsima dzuwa litapendeka. Wagwira ntchito padzuwa, sanamwe madzi okwanira, usiku sanagone bwino chifukwa cha mwana. Mayi ameneyu timuuzenso kuti asiye nyemba ndi nsinjiro? Kwa Kaphuka nyama si ya tsiku ndi tsiku. Nyemba ndi mtedza ndizo zimamanga thupi m'makomo ambiri, ndipo kumulanda zimenezi mayi woyembekezera kapena woyamwitsa ndi kumulakwira iye ndi mwana wake yemwe.

Kadyedwe kamene kamathandizadi n'kosavuta kukafotokoza. Munthu adye kaphala kapena mkute asanagwire khasu, atenge mbatata yophika ndi botolo la madzi popita kumunda, azigona ndi kudzuka nthawi yofanana. Wozolowera tiyi asamusiye tsiku limodzi, chifukwa kusiya mwadzidzidziko nakonso kumapweteketsa mutu, koma achepetse pang'onopang'ono. Amene akukayikira chakudya china atenge kope, kwa miyezi iwiri kapena itatu azilemba tsiku limene mutu wamugwira, zimene anadya, mmene anagonera, ndi masiku a msambo ngati ndi mayi. Chakudya chimodzi chikamaonekera mobwerezabwereza, asiye chokhacho kwa mwezi aone ngati pali kusintha.

Kuno kumapiri kulinso vuto lathu lathu. Mu June ndi July kukazizira, anthu amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka chitseko ndi mawindo. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka ndi wosanunkha, umene umayambitsa mutu, chizungulire ndi nseru, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Banja lonse likadzuka mitu ikupweteka, vuto lili pa mbaula, atuluke panja msanga.

Mapiritsi a m'magolosale nawo ali ndi msampha. Womwa Panado, aspirin kapena ibuprofen masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi, kwa miyezi ingapo, amatha kudwala mutu wobwera chifukwa cha mapiritsi omwewo. Amene mutu umawagwira pafupipafupi ali ndi mankhwala oteteza, monga propranolol ndi amitriptyline, koma amenewa amapereka ndi a chipatala atamuyeza munthu, pakuti propranolol ndi woopsa kwa wodwala mphumu.

Chimene chikutiwawa kwambiri n'chakuti mawuwa akuchedwetsa anthu kunyumba. Si mutu uliwonse umene uli waching'alang'ala. Mutu wobwera ndi kutentha thupi ukhoza kukhala malungo. Ukaumitsa khosi, ukabwera mwadzidzidzi ndi ululu umene munthu sanaumvepo, ukafoola mkono kapena kupotoza pakamwa, wodwala athamangire naye kuchipatala cha Kaphuka kapena cha boma ku Dedza nthawi yomweyo. Mayi woyembekezera amene mutu ukumupweteka kwambiri, maso akuchita chidima, nkhope ndi manja zatupa, asadikire tsiku la sikelo, chifukwa kukhoza kukhala kuthamanga kwa magazi kumene kumakomola.

Amayi amene amaona nyenyezi kapena mizere yothwanima mutu usanayambe, awauze zimenezi anamwino akamakatenga njira yolera. Kwa iwo mapiritsi olera okhala ndi estrogen amawonjezera chiopsezo cha sitiroko, ndipo njira zina monga jakisoni, lupu ndi zoika pamkono zilipo zoti asankhe.