Nugget ndi chigege basi

Abale anga a ku Rosettenville ndi Yeoville, mwandikwana. Mukuti Chichewa chilibe dzina la nuggets, choncho ana azingoitchula m'Chingerezi. Nanga zigege za pachiwaya ku Limbe ndi chiyani? Mbatatesi yoviikidwa mu ufa n'kukazingidwa. Ikanipo nganga ya nkhuku m'malo mwa mbatatesi, mwapeza zigege za nkhuku. Zimene Robert Baker wa ku Cornell anakonza, McDonald's n'kuzifalitsa mu 1983, si zachilendo kwa ife.

Ndipo maphikidwe ake onse amalongosoleka m'chinenero chathu. Dulani nganga tizidutswa, muipukute iume, pakuti chinyezi ndicho chimafewetsa khungu. Ivundudzeni mu ufa wothira mchere, muiviike m'dzira, kenaka m'nyenyeswa za buledi wouma. Mafuta atenthe kufika madigiri 175. Mukaunjika zambiri nthawi imodzi amazizira, nyama n'kumwa mafuta ngati mandasi a mphwayi.

Zikapsa bwino, kunja n'kokukuta, mkati n'kofewa. Verebu lakuti kukukuta takhala nalo kuyambira pa chimanga chokazinga. Amene akuti crispy sangamasuliridwe, kodi anafunsapo agogo awo?