Za Umoyo Wathu: Chiphaso China Chikuti Positivo, China Negativo

Anthu a m'malire amapimitsa magazi mbali zonse ziwiri. Nthawi zina munthu amapezeka ndi ziphaso ziwiri zotsutsana: china chikuti gulu lake ndi O positivo, china O negativo. Achibale amathamangira kunena kuti wina kuchipatala walakwitsa. Si nthawi zonse. Ndipo mawu awiriwa pano sakukhudza kachirombo ka Edzi ayi.

Kuwonjezera pa magulu a A, B, AB ndi O, pa timaselo tofiira ta magazi pamakhala chizindikiro chotchedwa D. Amene ali nacho ndiye positivo, wopanda ndiye negativo. Koma mu 1946 dotolo wa ku England, Fred Stratton, anapeza anthu amene D wawo ndi wofooka. Alipo ndithu, koma ndi wochepa, moti akadonthezera mankhwala opimira, magaziwo saundana msanga. Pamafunika kupima kwachiwiri: kuwafunditsa pa madigiri 37, kuwatsuka, n'kuwonjezera mankhwala ena. Chipatala chimene chapima kamodzi chilemba negativo. Chimene chapima kawiri chilemba positivo.

Palinso ena amene D wawo ndi woperewera, ngati khasu lobenthuka. Mitundu yotere, monga DAR ndi DAU, imapezeka kwambiri mwa anthu akuda a mu Afirika. Munthu wotere akalandira magazi a D wathunthu, thupi lake lingathe kuwayesa mdani, ndipo akadzalandiranso tsiku lina limawaswa.

N'chifukwa chake madotolo amatsata njira yooneka ngati yokhotakhota. Munthu wokayikitsayo akamapereka magazi, amamuwerenga positivo, kuti magazi ake asapite kwa wodwala wa negativo. Akamalandira, amamuwerenga negativo, kuti iyeyo asavulale. Njirayi ndi yanzeru, ngakhale kuti magazi a negativo ndi osowa kuno.

Nkhaniyi imalemera kwambiri pa amayi oyembekezera. Thupi la mayi likadana ndi D, mwana wa mimba yotsatira angabadwe wachikasu ndi wochepa magazi. Jakisoni woteteza alipo, ndipo amabayidwa pasanathe maola 72 mayi atachira. Mayi amene ali ndi ziphaso ziwiri zotsutsana apite nazo zonse ku sikelo, asasankhe chimodzi n'kusiya china m'chikwama.