Wopima ndeke akamalandila malipilo kwa woipanga

Pa 5 January 2024, ndeke ya Alaska Airlines ya mtundu wa Boeing 737 MAX inanyamuka ku Portland m'dziko la America. Ili m'mwamba, cigamba cotseka khomo lina cinazuka nkusiya cibowo m'mbali mwa ndeke. Palibe amene anafa. Ofufuza a boma anapeza kuti mabauti 4 ogwila cigambaco panalibe. Anawamasula ku fakitale pokonza zina, osawabwezelapo, ndipo palibe pepala limene linalembedwa za nchitoyo.

Wina angati za ndeke n'za olemela, ife tili ku munda. Koma pa 10 March 2019 ndeke ya mtundu womwewo inagwa itangocoka ku Addis Ababa kupita ku Nairobi, nkupha anthu 157. Inali ya Ethiopian Airlines, kampani yomwe imatela pa Lusaka ndi pa Ndola nkunyamula ana athu ndi ansembe athu. Mu October 2018 ina inali itagwela m'nyanja ku Indonesia ndi anthu 189. Zonse ziwili zinagwetsedwa ndi makina ochedwa MCAS, amene anali kukankhila mphuno ya ndeke pansi atalandila uthenga wolakwika.

Ocenjeza za kagwilidwe ka nchito ku Boeing analipo, ndipo anali a m'nyumba momwemo. Mu June 2018 a Ed Pierson, mmodzi wa akapitao a fakitale ya ku Renton, analembela akuluakulu kuti anchito atopa ndi kuthamangitsidwa, ndipo ndi bwino kuimitsa nchito kwa kanthawi. Sanawamvele.

Nkhani ya a John Barnett ndiyo yowawa. Anagwila nchito ku Boeing zaka 32, ndipo kucokela mu 2010 anali woyang'anila ubwino wa ndeke za 787 ku North Charleston. Ananena kuti anchito anali kusiya tuzidutswa twakuthwa twa citsulo pafupi ndi mawaya, ndiponso kuti zipangizo zokanidwa zinali kusowa m'malo ozisungila. Bungwe la boma loyang'anila za ndeke, FAA, litafufuza mu 2017 linapezadi kuti zipangizo zotele zosacepela 53 sizidziwika kumene zinapita. Caka comweco a Barnett anakadandaula ku boma kuti mabwana awazunza cifukwa colankhula, ndipo anasiya nchito. Boeing inakana. Pa 9 March 2024, ali pakati popeleka umboni pa mlanduwo, anapezeka atafa m'galimoto yao.

Manong'onong'o anaculuka, makamaka pamene a Joshua Dean, amene anacotsedwa nchito ku Spirit AeroSystems mu 2023 ataulula za mabowo obooledwa molakwika, nawonso anamwalila ndi matenda patangopita milungu 7. Apolisi anati a Barnett anadzipha okha, ndipo ife sitiona cifukwa cothamangila mphekesela. Zimene zili poyela n'zokwanila kutidetsa nkhawa: lamulo loteteza oulula zolakwika lilipo ku America, koma munthuyu anayembekeza zaka 7 mlandu wake osatha. Mnzake amene watsala pa nchito, wa ana a sukulu ndi nkhongole ya nyumba, akaona zimenezi amatseka pakamwa popanda womuopseza.

Gwelo la vuto, mmene tionela, ndi kapimidwe. FAA ilibe anthu okwanila kupima ciliconse, conco inapatsa anchito ena a Boeing mphamvu zopima ndi kusaina m'dzina la boma. Koma malipilo awo acokela ku Boeing. Mlimi amene anagulitsako cimanga kwa wogula wobwela ndi sikelo yake adziwa mmene zimathela. Mu August 2020 FAA yomweyo inalengeza cindapusa ca madola 1.25 miliyoni pa Boeing cifukwa mabwana a ku South Carolina anali kupanikiza opimawo. Ndalama imeneyo siigula ngakhale injini imodzi ya 787. Mu February 2024 gulu la akatswili losankhidwa ndi boma linapezanso kuti anchito ena anali kuopabe kulankhula, pakuti bwana wofufuza dandaulo akhoza kukhala yemweyo woona za malipilo awo.

Mu April 2024 injiniya Sam Salehpour anauza aphungu a Senate kuti atadandaula za kalumikizidwe ka zigawo za 787 anamusamutsila ku nchito ina. Boeing inati ndekezo n'zolimba. Mu June mkulu wa kampaniyo pa nthawiyo, a Dave Calhoun, anavomela pamaso pa aphungu omwewo kuti kubwezela oulula kumacitika.

Pambuyo pa ngozi ya ku Portland, FAA inaletsa Boeing kupanga ndeke za MAX zoposa 38 pa mwezi. Mu June 2025 ofufuza ngoziyo anaimba mlandu Boeing posaphunzitsa ndi kuyang'anila bwino anchito, nkudzudzulanso FAA kuti upimi wake unali wofooka. Mu October 2025 FAA inakweza malilewo kufika pa 42.