Tibwezereni ola la mlimi pa TV ya pa Sondo

Masiku ano nyumba imene ili ndi dikoda imatha kusankha pakati pa machanelo ambirimbiri, usana ndi usiku. Koma funsani mwini nyumbayo kuti pulogalamu ya zaulimi imaonetsedwa tsiku liti ndiponso ola lanji, mudzaona akukanda m'mutu. Funsani funso lomwelo kwa munthu amene anali kuonerera TV m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, iye adzakuchulirani mapulogalamu a pa Ciweru ndi pa Sondo mondondoza ngati akulakatula katekisimu. Ife tiona kuti apa pali nkhani yofunika kuikambirana. TV ya kale inali yosauka pa zinthu zambiri, koma inali ndi cinthu cimodzi cimene ya lero yataya: nthawi yodziwika, imene banja lonse ndi anansi anali kukhala pansi pamodzi ndi kuona cinthu cimodzi.

Wailesi ya kanema inayamba m'dziko lino mu 1961 ku Kitwe, m'manja mwa kampani ya azungu, ndipo oonerera ake oyamba anali makamaka azungu a pa migodi. Titalandira ufulu mu 1964 Boma linaitenga, ndipo patapita zaka, lamulo la mu 1987 linakhazikitsa bungwe la ZNBC limene tidziwa lero. Kwa zaka zambiri chanelo inali imodzi cabe. M'kati mwa sabata inali kutsegula madzulo, ndipo amene anayatsa msanga anali kungoona mizere yamitundumitundu ndi kumva kulira kwa makina. Usiku inali kutseka ndi nyimbo ya fuko. Ndiye cifukwa cake Ciweru ndi Sondo anali masiku apadera: kanema inali kuyamba dzuwa likali pamwamba, ndipo anthu anali ndi mpata wokhala pansi.

Pa Ciweru m'mawa panali Kwacha Good Morning Zambia, pomwe alendo osiyanasiyana anali kubwera kudzakamba za nchito zao. Ana anali ndi tumakatuni twao. Masana anali a masewera: mpira wa kuno kwathu, mpira wa ku Germany umene unali kubwera utajambulidwa kale, ndiponso resiling'i imene agogo ambiri anali kuikhulupirira ndi mtima wonse, mpaka kukalipira woweruza pa galasi. Nkhani zikuluzikulu zinali pa 19 koloko, ndipo nthawi imeneyo mwana wolongolola anali kutulutsidwa panja. Pa Sondo panali mapemphero ndi makwaya, panali Lima Time ya alimi, ndipo usiku panali Sunday Interview, pomwe nduna kapena mkulu wina anali kukhala pampando kuyankha mafunso. Oulutsa monga a Frank Mutubila, a Charles Mando ndi a Maureen Nkandu anali kudziwika ngati abale a m'nyumba. Sewero la Play Circle, ndi nthabwala za a Danny Kanengoni amene tonse tinali kuwacha Sauzande, linali kuonetsa anthu onga ife, okhala m'nyumba zonga zathu, akukangana pa nkhani za lendi, za apongozi ndi za ndalama ya ndiwo.

M'makomboni, nyumba imodzi yokhala ndi TV inali kutumikira mzere wonse. Ana anali kusamba m'mapazi asanalowe, ndi kukhala pansi mwaulemu. Ena anali kusuzumira pa windo. Kumene kunalibe malaiti, ka TV kakuda ndi koyera kanali kuyendera batire ya motoka, ndipo mnyamata mmodzi anali kutumidwa panja kukapotoza eriyo pa mtengo wansungwi mpaka a m'nyumba atafuula kuti caoneka. Batireyo inali kusungidwa sabata yonse kuti ikagwire nchito pa Ciweru ndi pa Sondo. Munthu sasunga batire popanda kudziwa cimene akuisungira. Anthu anali kudziwa tsiku ndi ola.

Mphamvu ya kuonera pamodzi inaoneka bwino pa Sondo, 10 April 1994. Caka cimodzi cisanakwane kucokera pamene ndeke yonyamula timu yathu inagwa m'nyanja kufupi ndi Gabon ndi kupha anthu 30, timu yatsopano inafika pa fainala ya Africa Cup ku Tunis. A Elijah Litana anagoletsa masewera atangoyamba, Nigeria inabweza zigoli ziwiri, ndipo tinaluza 2-1. Ambiri anatsitsa mau a TV ndi kutsegula wailesi kuti amve a Dennis Liwewe. Usiku umenewo dziko lonse linalira ndi kunyada pa ola limodzi. Pa Sondo lina, 12 February 2012, tinakhalanso pamodzi pomwe a Stoppila Sunzu anamenya penati yotsiriza ku Libreville. Koma masiku ano zotere zimangocitika pa mpira. Kale zinali kucitika sabata iliyonse, ndipo mlimi naye anali ndi gawo lake.

Sitikamba izi kuti tinamize acinyamata kuti kale zonse zinali bwino. Iyai. Kucokera mu 1973 kufika mu 1990 dziko linali la cipani cimodzi ca UNIP, ndipo nkhani zinali kuyamba ndi Mtsogoleri, kutsatira nduna, nthawi n'kutha. Amene anali ndi maganizo osiyana ndi Boma sanali kuoneka pa galasi. Mapulogalamu ambiri a usiku anali ogula kunja, a ku America ndi ku Britain. Cinenero cinali Cizungu. Zinenero zathu zisanu ndi ziwiri, Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cilunda, Ciluvale ndi Cikaonde, zinali kugawana kanthawi kocepa. Coposa zonse, TV inali ya anthu a m'mbali mwa njanji ndi a m'maboma akuluakulu. Mlimi wa ku Chama, ku Vubwi kapena ku cigwa ca Luangwa anali kudalira wailesi: Sewero, Poceza m'Madzulo ya a Julius Chongo, ndi magulu a Radio Farm Forum amene anali kumvetsera pamodzi pansi pa mtengo. Kanema anali kuiona pokhapo motoka ya Zambia Information Services ikafika pa sukulu. Conco pulogalamu ya alimi kawirikawiri inali kuonedwa ndi kalaliki wa ku Lusaka, pomwe mwini khasu sanaione.

Apa ndipo pali codabwitsa. Lero zinthu zatembenuka. Mapanelo a sola ali pa madenga a udzu. Mu 2017 dziko linayamba kuzimitsa njira yakale youlutsira ndi kulowa m'njira ya digito, ndipo cithunzi cimafika koyera kumadera amene kale kunali kungooneka mcenga. Kuzungulira 2018 ndi 2019, midzi 500 inalandira ma TV a setilaiti oyendera sola, oikidwa pa masukulu, pa zipatala ndi pa malo ena a onse. Tsopano mlimi angathe kuona. Koma pamene maso ake afika pa galasi, apezapo ciani? Apeza mafilimu a cikondi a kunja otembenuzidwa m'Cizungu, mpira wa ku England, ndi alaliki ogula nthawi. Mapulogalamu a zaulimi sanatheretu, koma amira pakati pa machanelo ambiri, ndipo mlimi wamba sadziwa kuti awapeze kuti ndi liti. Pamene kunali pulogalamu, mlimi analibe TV. Pamene wapeza TV, ola lake lasowa.

Wina angafunse kuti, kodi wailesi siikwanira? Timayamika kwambiri mawailesi a m'madera monga Radio Maria ndi Breeze FM ku Chipata kapena Chikuni ku Monze. Nchito yao ndi yaikulu. Koma pali zinthu zimene khutu silingaphunzitse dzanja. Pamene Boma linabweretsa ndondomeko ya Lima ca m'ma 1980, nzeru yake inali ya kuona ndi maso: lima imodzi ndi munda wa mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, ndipo mlimi anali kupima mizere ndi cingwe, fetereza ndi kakapu. Zotere munthu amazigwira msanga akaona mnzace akucita. N'cimodzimodzi ndi kukumba maenje a gamphani: kuya kwake, kutalikirana kwake, ndi mmene manyowa amaikidwira. N'cimodzimodzi ndi mbozi za army worm zimene zinalowa m'minda yathu kumapeto kwa 2016. Mlimi amene waonapo pa cithunzi tumawindo timene mbozi yaing'ono imasiya pa tsamba, ndi utuci umene imasiya mu mtima wa cimanga, adzathira mankhwala nthawi ikalipo. Amene anangomva dzina adzazindikira munda utatha. Mlangizi wa zaulimi mmodzi amayang'anira mabanja ambiri, nthawi zina alibe ndi mafuta a mu honda. Ola limodzi pa TV lingafike kumene iye sangafike mwezi wonse.

Ena akuti zonse zili pa foni. Zoona, pa YouTube ndi pa Facebook pali mavidiyo a zaulimi osawerengeka. Koma mabando ndi ndalama, netiweki kumudzi ndi ya pa culu, ndipo palibe amene amasefa. Vidiyo ya ku dziko lina, ya dothi lina ndi mvula ina, imaoneka yokongola cimodzimodzi ndi ya ku Msekera. Wogulitsa mbeu yabodza nayenso ali ndi foni. Ndiponso foni ndi ya munthu mmodzi. Kawirikawiri ili m'thumba la bambo kapena la mnyamata, pomwe amai, amene amagwira nchito yaikulu ya kupalira ndi kusunga zokolola, saiona. TV ya pa Sondo inali kukhazika bambo, mai ndi ana pa mphasa imodzi, ndipo pulogalamu ikatha mkangano unali kuyamba pomwepo: ticite kapena tisacite? M'kukambirana mmenemo ndi mmene phunziro limasandukira nchito.

Tisaiwalenso kuti timalipira. Msonkho wa TV unabwera ndi lamulo la mu 2002, ndipo kwa zaka zambiri K3,000 ya ndalama zakale inali kudulidwa pa bilu ya malaiti mwezi uliwonse. Mu 2018 unakwera kufika pa K5 ndi kuyamba kutoleredwa kudzera mwa makampani a madikoda. Ndalama ya msonkho ndi ya anthu onse, ndipo wolandira ayenera kutumikira ngakhale amene alibe katundu wotsatsa. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Tonse tinaona kuti munda ukalephera, mtengo wa unga umakwera ku Chawama ndi ku Kabulonga komwe. Kuphunzitsa mlimi si cifundo ai, ndi kuteteza nsima ya aliyense.

Pempho lathu kwa akuluakulu a ZNBC, a Unduna wa Zaulimi ndi a bungwe la IBA limene limayang'anira zoulutsa ndi ili. Patulani ola limodzi pa Sondo masana, anthu atabwera kucokera ku chalichi ndi kudya, ndipo olalo lisasunthe caka conse, kaya kwabwera wotsatsa malonda kaya msonkhano wa cipani. Likhale m'zinenero zathu, osati Cizungu cokhala ndi moni wa Cinyanja. Litsatire kalendala ya munda: kukonza minda ndi kusankha mbeu mu September ndi October, kubyala ndi fetereza mu November ndi December, mbozi ndi matenda a ziweto m'dzinja, kukolola, kuumitsa nshawa ndi kuteteza nkhokwe kwa anankafumbwe kuyambira mu April, kenaka misika ndi mitengo. Ndipo a FRA ndi a FISP azikhala pampando kuyankha mafunso a alimi eni ake, monga mmene nduna zinali kukhalira pa Sunday Interview. Chanelo yonyamula ola limeneli izioneka ngakhale dikoda isanalipiridwe.

Mbali ina ndi yathu. Mutu umodzi susenza denga. Maparishi ambiri ndi mipingo ina ali ndi holo, mabenchi, ndipo ena ali ndi sola. Makopaletivu ali ndi mashedi amene amakhala otseka miyezi yambiri. N'ciani cingaletse bungwe la parishi kuika TV imodzi mu holo, kuitana mlangizi wa m'deralo, ndi kuonera pamodzi pambuyo pa mapemphero? Katekisiti amene amalengeza za maliro ndi za zopereka angalengezenso kuti sabata ino phunziro ndi la citopa ca nkhuku. Mafumu ndi makomiti a masukulu amene analandira ma TV a sola afunse kuti zipangizozo zili kuti, zikugwira nchito kapena zinatsekeredwa mu ofesi. Makolo athu a Radio Farm Forum anacita zimenezi ndi kawailesi kamodzi ka mabatire. Ife tili ndi zambiri kuposa iwo.

Pomaliza, tilembe makalata. Bungwe lililonse la parishi ndi kopaletivu iliyonse ilembere phungu wake wa ku Nyumba ya Malamulo ndi akuluakulu a zoulutsa, kuchula tsiku ndi ola limene alimi a kwao angakhale pansi. Mwana wosalira amafera mu mbereko. Mvula ikubwera siidzadikira kuti tipeze chanelo yoyenera.