Mwini Nyumba Asagone Pamene Alendi Ali Pachiswe

Usiku wa pa 31 August 2023, moto unabuka m'nyumba yosanjikizana kasanu ya Usindiso, mumsewu wa Albert ku Marshalltown, mumzinda wa Johannesburg. Anthu 76 anamwalira, ena mwa iwo Amalawi amene anapita ku Joni kukasaka maganyu.

Nyumbayo sinali yopanda mwini. Inali ya khonsolo ya mzindawo, imene inaibwereketsa ku bungwe losunga amayi ozunzidwa. Bungwelo litaleka ntchito, anthu ena anailanda n'kumatolera lendi kwa osauka. M'kati munamangidwa tizisakasa ta matabwa, magetsi analumikizidwa mwachinyengo, ndipo njira zothawira moto zinatsekeka.

Komiti yofufuza ngoziyi, motsogozedwa ndi Sisi Khampepe, yemwe anali woweruza wa khoti la malamulo aakulu a dziko, inatulutsa lipoti lake m'mwezi wa May 2024. Inapeza kuti khonsolo inkadziwa za vutoli kuyambira 2019 koma sinachitepo kanthu, choncho ili ndi gawo pa imfazo.

Apa ndi pamene pagona phunziro. Kuyendera nyumba ndi theka chabe la udindo. Theka linalo ndi kukonza. Woyendera akaona waya wosenda kapena chitseko chothawira chokhomedwa, n'kulemba lipoti lokangogona m'kabati, ndiye kuti boma ladziwa za ngozi koma laisiya kuti ikule.

Gawo 26 la malamulo aakulu a South Africa a 1996 limapatsa aliyense ufulu wopeza nyumba yoyenera. Lamulo la nyumba za lendi la 1999 linakhazikitsanso mabwalo m'zigawo, kumene mlendi angakadandaule mwini nyumba akakana kukonza. Koma wosauka woopa kuthamangitsidwa, makamaka wobwera wopanda mapepala, sayerekeza kukadandaula. N'chifukwa chake boma, likakhala mwini nyumba, siliyenera kudikira madandaulo.

Zofunika n'zodziwika: kaundula wa nyumba zonse za boma, kuziyendera pa nthawi yoikika, masiku owerengeka okonzera chilichonse choika moyo pachiswe, ndi dzina la mkulu woyankhapo masikuwo akadutsa. Ndalama zokonzera zipatulidwe pa lendi isanalowe m'thumba lina.

Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Khonsolo imene ili ndi nyumba zambiri ndiyo iyenera kuyankha mafunso ambiri, ndipo iyankhe anthu adakali moyo.