Mussorgsky analowa m'magetsi, nanga ingoma ikudikira ndani?

Pa 26 March 1971, mu holo ya mzinda wa Newcastle ku England, anyamata atatu anachita chinthu chimene akatswiri ambiri a nyimbo anachiona ngati mwano. Anatenga nyimbo ya piyano imene Modest Mussorgsky wa ku Russia analemba mu 1874 pokumbukira mnzake wojambula zithunzi, malemu Viktor Hartmann, n'kuilowetsa m'makina a magetsi. Keith Emerson anali pa ogani, Greg Lake pa bezi, Carl Palmer pa ng'oma. Mbali zina anazidula, zina anazitalikitsa, ndipo Lake anaikamo mawu pomwe mwiniwake sanalembepo ngakhale liwu limodzi. Lekodi yake, Pictures at an Exhibition, inafika pa nambala 3 ku Britain. Nyimbo zotere amazitcha progressive rock. John Peel wa pa wailesi ya BBC anainyoza bandiyi kuti ikungowononga luso ndi magetsi, chipongwe chimene ife a ku Chipata, odziwa kusowa kwa magetsi, tingachimve bwino kuposa eni ake.

Mungafunse kuti za azungu a tsitsi lalitali zikutikhudza bwanji kuno. Zikutikhudza chifukwa anyamata aja anali ndi mtima umene oimba athu a lero alibe. Anaona nyimbo zakale za kwawo ngati nkhokwe yawo, natapamo mopanda mantha. Ife nkhokwe yathu yadzaza mpaka kudenga, koma tikupemphetsa ufa kwa anansi.

Yendani madzulo ku Kapata, ku Mchini kapena ku Navutika, mumve zimene zikutuluka m'tizipinda tokhala ndi laputopu ndi maikolofoni imodzi. Luso lilipo, zimenezo sindikana. Koma biti ndi ya ku Johannesburg, kapindidwe ka mawu ndi ka ku Lagos, ndipo chathu chimene chatsalamo ndi chinenero chabe. Mwambo umaonekera pa vidiyo: mnyamata wavala chikopa, wanyamula chishango kwa masekondi khumi, kenako wabwerera pa galimoto yobwereka. Ingoma yasanduka chovala. Nyimbo yeniyeniyo, kayendedwe ka mawu ake, kugunda kwake, palibe amene waikhudza.

Ndipo ingoma si nyimbo yaing'ono. Angoni anawoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada masana, ndipo zina mwa nyimbo zimene timamva ku Mtenguleni pa Nc'wala zikali m'chinenero chakale chimene ambiri mwa ife sitichimvanso. Mvetserani bwino mmene zimamangidwira. Mmodzi atsogola, gulu liyankha asanamalize, mawu a amuna akhala pansi ngati bingu lakutali, azimayi awomba m'manja pamwamba pake, ndipo mapazi agunda nthaka pa nthawi imene khutu lozolowera nyimbo za pa foni silikuyembekezera. Woimba bezi amene angaphunzire kugunda kumeneko adzakhala ndi chinthu chimene palibe wa ku Lagos angamuphunzitse. Mussorgsky ali ndi zaka pafupifupi 150 chilembere nyimbo yake. Zathu zina ndi zakale kuposa pamenepo, ndipo zinapirira zambiri: Nc'wala inaima Angoni atagonjetsedwa ndi azungu mu 1898, n'kudzabwereranso mu 1980. Onjezaniponso nyimbo za pamtondo za Ansenga, chimtali, chitelele, kalimba wa agogo. Ngati mawu akuti classical akutanthauza nyimbo zakale, zomangidwa mwaluso, zimene mibadwo yaziyesa n'kuzisunga, ndiye kuti zathu ndi zimenezi.

Wina anena kuti zimenezo sizigulika, anthu afuna zovina za mphindi zitatu. Funsani mbiri yathu yomwe. M'zaka za m'ma 1970, a Kenneth Kaunda atalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za mu Zambia, anyamata amene anakulira pa Jimi Hendrix anakakamizika kuyang'ana kwawo. WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ya a Rikki Ililonga, Ngozi Family ya a Paul Ngozi: gitala yolira mokalipa pamwamba pa kugunda kwa kuno. Zamrock inakula motero. Ife tinaitaya, malekodi ake n'kudyedwa ndi fumbi, mpaka kampani ya ku California yotchedwa Now-Again inayamba kuwasindikizanso. Mu 2023 Travis Scott anatapa mu nyimbo ya Amanaz. Mu 2024 Tyler, the Creator anaika mawu a Paul Ngozi, Chinyanja chenicheni chochokera mu "Nizakupanga Ngozi", mu nyimbo yake "Noid". Tsiku limenelo Facebook yonse ya pa Zambia inadzaza ndi mbendera. Achinyamata amene sanamvepo dzina la lekodi ya 45,000 Volts anasanduka akatswiri usiku umodzi. Zimandiwawa kuti timadikira munthu wa ku America atiuze kuti ndiwo za amayi athu n'zokoma, ndiye tiyambe kunyambita mbale.

Sampa the Great yekha sanadikire, ndipo "Never Forget" yake ya mu 2022 inatchula mzu wake poyera. Koma ngakhale Zamrock inangolawa pamwamba pa nkhokwe. Sinatenge nyimbo imodzi yakale n'kukhala nayo mphindi khumi, kuitembenuza, kuifunsa mafunso, monga Emerson anachitira ndi Mussorgsky. Ntchito imeneyo ikali pansi, ndipo ife a Kum'mawa ndife tili pafupi nayo.

Pali akuluakulu amene adzati musakhudze, mudzawononga. Pa chinthu chimodzi ndigwirizana nawo kwathunthu: za kudambwe ndi za kudambwe. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ali ndi zake zimene si za pa situdiyo, ndipo amene akufuna kutchuka poulula zimenezo asadalire ine kumuteteza. Chimodzimodzi za m'nyumba ya chinamwali. Koma nyimbo yoimbidwa pabwalo masana, pamaso pa nduna za boma ndi makamera, ku Mtenguleni mu February kapena ku Mkaika pa Kulamba mu August, si chinsinsi. Ndipo nyimbo imene imatuluka kamodzi pa chaka n'kubwezedwa m'bokosi pamodzi ndi nthenga ikufa pang'onopang'ono, ngakhale mwini bokosi aziti akuisunga. Mussorgsky sanawonongeke. Oimba piyano akumuimbabe monga analembera, ndipo ambiri amene anakamufuna m'sitolo anayamba kumumva kwa anyamata a magetsi aja.

Chimene chimawononga ndi kuba, ndipo apa azungu omwewo ali ndi phunziro la mbali zonse ziwiri. Pa lekodi yawo yoyamba mu 1970, Emerson, Lake & Palmer anatenga "Allegro barbaro" ya Béla Bartók, n'kuitcha "The Barbarian", osalemba dzina lake. Mkazi wamasiye wa Bartók atadandaula m'pamene dzina linaikidwa. Choseketsa n'chakuti Bartók mwiniwake, kuyambira cha m'ma 1906, ankayenda m'midzi ya ku Hungary ndi Romania ndi makina ojambulira mawu, kumvetsera alimi akuimba, ndipo ankalemba mudzi umene nyimbo yachokera. Nyimbo zimene lero zimaimbidwa ndi anthu ovala masuti zinanunkhapo utsi wa m'khitchini. Emerson anaphunzira. Mu 1973, atakonza nyimbo ya Alberto Ginastera wa ku Argentina, anakwera ndege mpaka ku Geneva kukamumvetsa mwiniwake tepi asanaitulutse, ndipo mkuluyo anavomera. Mu 1977 Aaron Copland nayenso analola "Fanfare for the Common Man", imene pa lekodi inapitirira mphindi zisanu ndi zinayi, koma yodulidwa ya pa wailesi inafika pa nambala 2 ku Britain. Amene mukuti zazitali sizigulika, onani: mukhoza kukhala nazo zonse ziwiri, yaitali ya omvetsera ndi yaifupi ya m'bala.

Ife timadziwa mbali ina ya nkhaniyi. Solomon Linda anajambula "Mbube" ku Johannesburg mu 1939, ena anailemerera kunja kwa zaka makumi, iye anamwalira wosauka mu 1962, ndipo ana ake anadikira mpaka 2006 kuti mlandu uthe. Timakwiya tikamva zimenezi, ndipo n'zoyenera. Koma mnyamata wa m'tauni akamva gogo akuimba pamaliro kumudzi, n'kujambula mobisa pa foni, n'kuika biti, n'kulemba dzina lake lokha pa YouTube, wasiyana pati ndi amene anadyera Linda? Kusauka kwa wakuba sikusintha dzina la mlandu.

Emerson anapita ku Geneva. Inu Mtenguleni ali pa msewu wa Great East, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera m'tauni. Musapite tsiku la Nc'wala, pamene fumbi ndi matenti a makampani a foni zaphimba zonse. Pitani tsiku wamba, mudzere kwa anduna monga mwa ulemu, mukhale pansi, mufunse tanthauzo la mawu amene simukuwamva. Muphunzire nyimboyo mpaka muziiimba bwino popanda magetsi. Mukatero muichite chimene mtima wanu ukufuna: gitala ilire, kiyibodi itenge mawu a azimayi, ng'oma zithamange. Mukamaliza bwererani nayo, eni ake aimve isanafike pa Breeze FM. Pa chikuto mulembe mudzi ndi dzina la amene anakuphunzitsani, ndipo ngati pabwera ngwee, mugawane.

Zina mwa izi zidzatuluka zoipa, ndikudziwa. Progressive rock nayo inatupa mimba, mpaka achinyamata a punk anaiseka poyera mu 1977. Koma ndi bwino timve zoipa khumi zochokera ku ingoma, kuti ya khumi ndi chimodzi itigwetse pansi, kusiyana ndi amapiano ena chikwi amene eni ake ku Pretoria sadzawamva n'komwe.

Ndipo nthawi si yathu tokha. Hugh Tracey, amene a Alick Nkhata anagwirapo naye ntchito, anayendayenda ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula oimba a m'midzi. Matepi amenewo ali ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa, ndipo ena anatuluka kale pa ma CD. Opanga mabiti a ku Los Angeles nawonso ali ndi intaneti, ndipo yawo sithera mabando pakati pa usiku.