Ubale wa Pakamwa ndi Malasha a ku Moatize



Sitikukana kuti dziko la Brazil linadza ku Africa ndi mawu okoma. M'chaka cha 2005, Pulezidenti Lula anaima pa chilumba cha Gorée ku Senegal napepesa chifukwa cha ukapolo umene unaolotsa nyanja ana a Africa miyandamiyanda. Dziko lake linathandizanso kumanga fakitale ya mankhwala otalikitsa moyo ku Matola, m'dziko la Mozambique. Zimenezi tikuyamikira.

Koma m'mbuyo mwa mawu okomawo munkadza kampani ya migodi ya kwawo, Vale. Kuti ikumbe malasha ku Moatize, m'chigawo cha Tete, mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa, ambiri mwa iwo kupita ku Cateme, kumene nthaka ndi yosabereka ndipo msika uli kutali. Mu Januwale 2012 anthuwo, atatopa ndi malonjezo, anatseka njanji kuti sitima zisadutse, ndipo boma lawo linawatumizira apolisi. Pambuyo pake njanji yonyamula malashawo inadutsanso m'dziko lathu lino, kudzera pa Nkaya kulowera ku doko la Nacala. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi ndi njanji yomwe, nichoka.

Mlandu waukulu sitikuuika pa mlendo, pakuti wamalonda amatsata phindu. Tikufunsa atsogoleri athu amene ankaombera m'manja mawu akuti "ubale": mapangano amene munasaina m'dzina lathu, ndani mwa ife anawaona? Nanga inu aphungu, munafunsa kuti mudzi umene njanji inaudula pakati udzadandaula kwa yani mwini njanjiyo akadzasintha?